Tsamba la pa Chulu cha ku Wenya

Ana anga, mwandivutitsa mokwana kuti ndilembe za ntchito yanga, ndiye poti masiku ano palibe belu londithamangitsa, ndakhala pansi. Za ubwana wanga ku Chiradzulu munazimva mpaka makutu kuwawa, sindizibwerezanso. Ndikufuna mudziwe za Chitipa, ndi za mayi wina wa ku Wenya amene anatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito chifukwa cha mmene tsamba la pa foni linkagwirira ntchito. Zina ndikuzikumbuka bwinobwino, zina zimandibwerera ngati nkhungu ya m'mawa, ndipo sindilumbira kuti mawu onse ananenedwa momwe ndawalembera.

Chaka choyamba, pa boma

Ndinafika ku Chitipa pa lole, nditakhala pamwamba pa matumba a feteleza, nkhope ili mbuu ndi fumbi la msewu wa ku Karonga. Ndinali nditangomaliza kosi ya taipi. Masiku amenewo anthu ankati ku Chitipa amatumizako olakwa, koma ine sindinalakwe kanthu, ndinangosowa wondilankhulira. Anandipatsa tebulo pafupi ndi zenera ndi makina a taipi olemera ngati mphero, amene chilembo chake chimodzi chinkakakamira mpaka uchikoke ndi chala. Riboni ikatha tinkadikira miyezi, kaboni tinkamugwiritsa mpaka kuoneka kuseri kwake. Bwana wanga woyamba sankadziwa kukalipa, ankangobweza pepala n'kunena kuti, "Mwana wanga, tsamba likalakwika salikonza, amaliyambiranso." Ndiye tsiku lonse linali lochotsa pepala, kulowetsa lina, kuchotsa, kulowetsa. Madzulo ndinkayang'ana cha kummwera kumene mapiri a Mafinga amabisala m'mitambo, n'kumadzifunsa ngati kuseri kwake kuli anthu. Ndinaphunzira kunena monire ndi yewo, moni ndi zikomo wa anthu a kuno, ndinaphunzira kuti kuzizira kwa Juni wa kuno si kwamasewera, ndipo ndinakumana ndi bambo anu, amene ankadinda mapasipoti ku chipata cha m'malire ndipo ankabwera ndi makalata ofuna taipi kawirikawiri kuposa mmene ntchito inkafunira.

Zaka za makompyuta

Kompyuta yoyamba itafika anaifundika chitenje, ndipo amuna onse a mu ofesi ankaizungulira patali. Anandikankhira ine poti zala zanga zinkadziwa kale pokhala zilembo. Magetsi ankazima nthawi imene afuna, ntchito ya m'mawa wonse n'kupita, ine n'kutsala ndikuyang'ana galasi lakuda. Koma chinthucho ndinachikonda, sindibisa. Patapita zaka ndinasiya boma n'kulowa bungwe lina la zaumoyo limene linkathandiza tizipatala ta ana ta m'midzi. Iwowa ananditumiza ku makosi ku Mzuzu, kumene ndinkakhala pakati pa achinyamata ondiitana kuti amayi, ndipo ndinaphunzira kulemba malangizo amene kompyuta imamvera. Imvi zoyamba zinandimera ndikusakasaka kadontho kamodzi kosowa pa mzere. Bambo anu ankati ndakwatiwanso, ndipo mwamuna wachiwiriyo sayankhula koma ndimamumvera kuposa iwo.

Chaka chimene mafoni anabwera

Bungwe linagula mafoni a alangizi a zaumoyo oyenda m'midzi. Kale ankanyamula mabuku akuluakulu a malangizo, mvula n'kumawanyowetsa. Tsopano zonse zinaikidwa pa tsamba limodzi la pa intaneti, limene anapanga mayi wina wa ku Lilongwe, ine n'kupatsidwa ntchito yolisamalira kuno. Apa mumvetsere, chifukwa nkhani yonse yagona apa. Masamba akale a pa intaneti anali ngati taipi yanga ija: ukadina pena, foni inkataya tsamba lonse n'kukapempha lina ku kompyuta yaikulu yosunga masamba, imene timati seva. Popanda netiweki, basi wagwa nayo. Lathuli linali losiyana. Ukalitsegula kamodzi, linkabwera lonse, ndi zipinda zake zonse m'kati: chipinda cha malungo, cha chifuwa, cha kutsegula m'mimba, cha mlingo wa mankhwala, cha zizindikiro zoopsa, cha kutumiza mwana kuchipatala chachikulu. M'kati mwa tsambalo munali kagawo kamene ine ndinkakatcha kalozera. Ukadina malungo, kumapeto kwa adiresi kunkasintha, pambuyo pa kachizindikiro kaja timamalizira poika mayunitsi, n'kulembeka malungo. Kalozera ankaona kusinthako, n'kutseka chipinda chimene unali, n'kutsegula chimene wapempha. Zonsezi zinkachitikira m'foni momwemo. Zolembedwa pambuyo pa kachizindikiroko foni siizitumiza ku seva, ndiye seva inkangodziwa kuti munthu walowa pakhomo, koma za kuyenda kwake m'zipinda sinkamvako kanthu.

Tsiku logawa mafoni ndi limene ndinawadziwa a NyaKaonga. Anali mayi wamfupi, wa msinkhu wanga, wovala nsapato za pulasitiki zosokedwa ndi waya, ndipo ankayang'anira midzi ya m'chigwa china kuseri kwa Wenya kumene galimoto sifika. Amuna awo anamwalira kale, ana ndi adzukulu onse ankayang'ana ntchito imeneyi. Chichewa chawo chinkatuluka chitavala Chitumbuka. Nditamaliza kufotokoza anakweza dzanja n'kufunsa kuti, "Amama, kwithu netiweki palije. Ichi chinthu chizamugwira wuli?" Ndinawafunsa ngati kulibe ngakhale malo amodzi ogwira. Anati pali chulu china pamwamba pa mtunda, chimene anthu amakwera akafuna kuimbira ana awo a ku Joni. Ndinati, "Ndiye mukwere pamenepo m'mawa, mulitsegule, mutsike nalo. Musalitseke, musalikoke kuti liyambirenso, ndipo musabwerere m'mbuyo mpaka kutuluka panja." Anaseka n'kuti, "Ndiye kupala moto kwa aneba kumeneko." Ndinati ndi komweko. Nditawachezera patapita miyezi ndinapeza batani lobwerera m'mbuyo atalimata pulasitala wa pa bala, kuopa kuti chala chingaterereke.

Ulendo umenewo sindiuiwala. Tinanyamuka kusanatenthe, mame akunyowetsa zitenje, nkhungu itadzaza chigwa chonse moti mitengo inkaoneka mitu yokha. Pa chulu tinapeza bambo wina atakweza foni m'mwamba ngati akupereka nsembe. A NyaKaonga anaima pambali pake, tsamba linabwera pang'onopang'ono, n'kuikulunga foniyo m'kansalu, n'kuiika pachifuwa. Kenako tinatsika kulowa mu nkhungu muja. Pansi pa mtengo wa muwanga tinapeza amayi atafola kale ndi ana kumbuyo. Tsiku lonse chala chawo chinkayenda, malungo, mlingo, chifuwa, malungo, ndipo pakona ya foni panalibe ngakhale kamzere kamodzi ka netiweki. Ine ndinakhala pa muzu ndikuonerera, mtima uli myaa, ngati ndikulota.

Juni wa chaka chotsatira

Kunabwera bwana watsopano, a Makwinja a ku Zomba, munthu waulemu wake, wovala juzi ziwiri chifukwa kuzizira kwa kuno sanakuzolowere mpaka kuchoka. Tsiku lina anandiitana, nkhope ili yolemera. Ku likulu la bungwe anali atawerenga pa seva kuti foni iliyonse imatsegula tsamba kangati pa tsiku. Alangizi a pafupi ndi boma, kumene netiweki ili mbwee, ankalitseka n'kulitsegulanso mwana aliyense akabwera, ndiye ankaoneka akhama. Foni ya a NyaKaonga inkaonetsa kamodzi pa tsiku. Kamodzi lero, kamodzi mawa, chaka chonse. Ku likulu anagamula kuti mayiwa sagwira ntchito, amangoyatsa foni m'mawa kuti aoneke, ndipo mgwirizano wawo wa ntchito usapitirire ukatha kumapeto kwa Julayi. Chinkatsala n'choti ine, monga wosamalira tsamba, ndisaine kuti nambalazo n'zoona.

Ndinati, "Bwana, nambalazo n'zoona, koma zikunama." Anandiyang'ana ngati ndadwala mutu. Ndinatenga foni yanga, ndinatsegula tsamba, ndinazimitsa netiweki iwo akuona, n'kuyenda zipinda zonse. Ndinati, "Seva yandiona kangati?" Anati, "Kamodzi." Anavula magalasi n'kupukuta. "Mayi, ine ndamva. Koma ku likulu sakhala pa muzu wa mtengo ngati inu, amakhala pa nambala. Ndikawauza kuti kamodzi kameneka ndi ana ambiri, andifunsa kuti umboni uli kuti." Kenako anatsitsa mawu n'kuti bwanji mayiwo azingolitsegula kambirimbiri ali pa chulupo asanatsike, nambala ikwere, nkhani ithe.

Ndivomere, nzeru imeneyi ndinainyamula mpaka ku Wenya, chifukwa wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. A NyaKaonga anamvetsera zonse akusenda chinangwa. Nditafika pa za kuchotsedwa ntchito mpeni unaima. Anafunsa kuti, "Ndiye iwo akuti ine nkhugona?" Ndinati akutero. Nditawauza nzeru ya bwana ija anapukusa mutu. "Ine ndikhale pa chulu ndikupalasa foni ngati nkhuku, ŵana akudikira pasi pa khuni? Yayi, amama. Ngati sakundiona, mbwenu sakundiona." Sanalire. Anangopitiriza kusenda, koma chinangwa chomwe chija anachisenda mpaka kutsala kamtima kokha. Ine ndiye ndinalira pobwerera, njira yonse mpaka pa msewu.

Pa nthawi yomweyo kalata imene ndinaidikira zaka zambiri inali itafika. Bungwe linkandifuna ku Lilongwe, pa udindo wokwera, ndipo ndinayenera kukayamba kumayambiriro kwa Julayi, apo ayi apatsa wina. Inu munali mutayamba kale kulongedza m'mitima. Bambo anu anali atapuma, ankalakalaka kuyandikira kwawo. Koma ine ndinali nditaona njira. Kalozera uja ankadziwa kale nthawi iliyonse munthu akasintha chipinda, poti ndi iye ankatsegula. Chinkafunika n'kumuphunzitsa kuti akatsegula chipinda aziika kachizindikiro m'foni momwemo, dzina la chipinda ndi nthawi, popanda dzina la mwana aliyense, ndipo foni ikadzagwira netiweki azitumiza zonse ku seva. Mayi amene anapanga tsamba uja anali atapita kunja, ankangoyankha mauthenga mwa apo ndi apo. Kuno kunalibe wina woti n'kuchita zimenezi. Ndikapita, wobwera m'malo mwanga akanapeza pepala pa tebulo n'kusaina tsiku loyamba, osadziwa n'komwe kuti Wenya ali mbali iti.

Ndinawauza bambo anu kuti ku Lilongwe sindipita, tili pakhonde, dzuwa likuwomba chimanga chimene tinayanika. Anamvetsera mpaka nditamaliza. Kenako anati, "Mayi a ana, munthu ameneyu ndi m'bale wanu?" Ndinati ayi. Anati, "Nanga Lilongwe adzabweranso?" Ndinati sindikhulupirira, pa msinkhu wangawu. Anadzuka, anakatembenuza chimanga chija ndi phazi, n'kubwerera. "Chabwino. Koma anawa mukawauze nokha, ine sindifuna kutukwanidwa pa mlandu wa eni." Mukukumbuka mmene munandikwiyira. Iwe wamkulu unakhala sabata osadya nane mbale imodzi. Sindinakuuzeni chifukwa chenicheni nthawi imeneyo, ndinangoti ntchito yandigwira.

Julayi

A Makwinja anachita mbali yawo. Anapempha ku likulu kuti adikire mpaka Lachisanu lomaliza la mwezi, ndipo a kumeneko anavomera monyinyirika, n'kuti likadutsa tsikulo popanda umboni, nkhani yatha. Ine ndinakhala pa kompyuta nditafunda bulangete m'miyendo, magetsi akubwera ndi kupita. Masiku amenewo ndimawakumbuka ngati tsiku limodzi lalitali la mphepo. Ndinkalota adiresi zikuyenda pa khoma, kachizindikiro kaja kali ngati kampanda ka mbuzi, zipinda zikutseguka zokha. Poyesa koyamba kalozera ankalemba bwino koma osatumiza. Poyesa kachiwiri anatumiza, koma tsamba linalemera moti pa chulu paja linakana kutsika, a NyaKaonga n'kupita kwa ana ndi buku lakale lija pamutu. Ndinachotsa zithunzi zina, ndinapeputsa, ndinayesanso. Linakhala bwino Lachinayi, kutatsala tsiku limodzi. Ndinawatumizira uthenga kuti mawa m'mawa alitsegule monga mwa masiku onse, agwire ntchito monga mwa masiku onse, koma akaweruka asapite kunyumba, akwerenso pa chulu kuti foni itumize zimene yasunga. Anayankha mawu amodzi, yewo.

Lachisanu m'mawa seva inaonetsa kamodzi kaja. Tsiku lonse panalibenso china, monga tinkayembekezera. Dzuwa litapendeka a Makwinja anabwera kudzaima kumbuyo kwanga, pepala losaina lili m'manja, poti ku likulu anali ataimba kale kawiri. Nthawi yoweruka kwa ana a pansi pa mtengo inali itadutsa. Anzathu a mu ofesi anayamba kutseka mawindo, mlonda anafika ndi chikhoto chake. Galasi la kompyuta linali duu. Ndinayamba kudzifunsa ngati ndalakwitsanso kadontho, kapena batire latha, kapena chala chaterereka tsamba n'kutsekeka. Bwana anati, "Mayi, ndikhoza kudikira mpaka kuwala kuthe pa phiri apo, kupitirira apo sindingathe." Tonse tinayang'ana pazenera. Kuwala kunali kutatsala pansonga pokha, kofiirira, kukukwera pang'onopang'ono.

Kenako mizere inayamba kutsika pa galasi, umodzi pansi pa unzake, ngati mvula yoyamba pa malata. Ndinagwira pakamwa. A Makwinja anawerama n'kuyamba kuwerenga mokweza. Malungo, mlingo wa mankhwala. Chifuwa. Malungo, mlingo. Kutsegula m'mimba. Chifuwa, mlingo. Ankawerenga ndi nthawi zake, kuyambira mame asanaume, ndipo ine ndinkawaona a NyaKaonga pansi pa muwanga paja, mzere wa amayi ukufupika. Mawu a bwana anali okondwa, anayamba ngakhale kuseka. Atafika cha kumasana anasiya kuseka. Malungo. Zizindikiro zoopsa. Malungo. Zizindikiro zoopsa. Zizindikiro zoopsa kachitatu, nthawi zake zothithikana, munthu akubwerera kukatsimikiza chimene sakufuna kukhulupirira. Kenako kutumiza mwana kuchipatala chachikulu. Pansi pake panalibenso mzere wina, masana onse mpaka madzulo.

Pepala lija a Makwinja anali ataliika pa tebulo osadziwa. Anafunsa motsitsa, osayang'ana ine, "Nanga mwanayo?"

Ndisanayankhe foni yanga inalira. Anali a NyaKaonga, akupuma mwawefuwefu, mphepo ya pa chulu ikuwomba m'mawu awo. Anapepesa pochedwa. Anati kunabwera kamwana kokomoka, mayi ake ali okha, ndiye anasinthana kubereka mpaka kuchipatala cha ku Wenya, wapansi, n'kubwerera kudzakwera mtunda. Ndinafunsa za mwanayo. Anati amuika diripi, ndipo pamene ankachoka anali atayamba kuyamwa. Anafunsa ndi mawu aang'ono amene sindinawamvepo kwa iwo, "Amama, kasi mwandiona?"

A Makwinja, amene ankamva zonse, anatenga foniyo m'manja mwanga, anaimirira mowongoka ngati akulankhula ndi wamkulu wawo, n'kunena kuti, "Takuonani, mayi. Tsikani kusanade, Lolemba ana akudikirani."